Dengu la MDAT loyezera kakulidwe ka ana: ubwino wake ndi pomwe limaperewera

Anthu angapo akhala akundifunsa za dengu lomwe timayenda nalo tikamapita kukaona ana, ena amaganiza kuti ndi zidole zongomunyengerera mwana kuti asalire pomwe ife tikucheza ndi mayi ake, nde ndati ndilembe bwinobwino chifukwa chimenechija ndi chida ndithu ndipo chili ndi dzina lake. Chimatchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, ife timangoti MDAT. Ine ntchito yanga ndi yothandiza ana aulumali, ana ochedwa kukhala, ochedwa kuyenda, osayankhula, ana a CP (cerebral palsy, ulumali wa kayendedwe ka thupi wobwera chifukwa ubongo unavulala mwana ali wamng'ono), ana amene anadwala malungo a m'bongo kenako nkusintha, ndipo pa zida zonse zomwe ndagwiritsapo ntchito ichi nde chomwe manja anga anachizolowera kwambiri. Ndinene pompano kuti ndimachikonda ndipo aliyense wogwira ntchito ndi ana ndingamuuze kuti achiphunzire, koma pali ana ena amene chimawachepetsa ngati woyezayo sakusamala, ndipo anawo ndi omwewo amene timafunitsitsa kuwathandiza.

Chinachokera kuno konkuno. Dokotala wa ana Melissa Gladstone, yemwe ali ku University of Liverpool, anagwira ntchitoyi limodzi ndi anzake aku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Poyamba anayesa kungotenga zida zakunja monga Denver ndi Griffiths nkuzikonzakonza kuti zigwirizane ndi ana akumudzi kuno, zotsatira zake zinatuluka mu 2008, ndipo anapeza kuti mbali za kukwawa, kuyenda ndi kugwira zinthu zinkayenda bwino koma mbali yoona mmene mwana amakhalira ndi anthu inkavuta. Sizodabwitsa olo pang'ono. Mu Denver II muli funso loti kodi mwana amatha kudzikonzera yekha cereal, muli la kusewera masewera a makadi, muli la kukwera masitepe. Mwana wa kumudzi amene kwawo kulibe sitepe olo imodzi, m'mawa amamwa phala lophika agogo, mumufunsa zimenezo akalephera nkumulemba kuti ndi wochedwa? Nde m'malo mokakamira anakakhala pansi ndi makolo, agogo ndi anthu ena m'midzi nkuwafunsa kuti inuyo mwana amene akukula bwino mumamudziwa bwanji, ndipo anthu anatchula kwambiri za ulemu, kutumika, kuthandiza ntchito zapakhomo ndi kukhala bwino ndi anzake. Chida chomwe tili nachochi chinasindikizidwa mu 2010 mu magazini ya PLoS Medicine, atachiyesa pa ana 1,426 athanzi a zaka kuyambira 0 mpaka 6.

Muli zinthu 136 zoti muone, zogawidwa mbali zinayi, mbali iliyonse 34. Mbali yoyamba ndi ya thupi lonse, kudzutsa mutu, kugubuduka, kukhala yekha, kukwawa, kuimirira, kuthamanga, kumenya mpira, kuima ndi mwendo umodzi. Yachiwiri ndi ya manja ndi maso, kulondola chinthu ndi maso, kusuntha chinthu kuchoka dzanja ili kupita linalo, kutola njere ya chimanga ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, kusanja timabuloko tathabwa, kutsegula ndi kutseka botolo, kutunga mikanda, kujambula mzere kapena chozungulira, kusankha kamtengo katali pa tiwiri. Yachitatu ndi ya kumva ndi kuyankhula, yachinayi nde ija ya kukhala ndi anthu ndi kudzisamalira, kumwetulira, kumwa m'kapu, kudya yekha, kuvula ndi kuvala, kunena kuti akufuna kuchimbudzi, kugwira tintchito tapakhomo, kupereka ulemu kwa akulu. Simuyesa zonse 136 pa mwana mmodzi ayi, mumayambira pa msinkhu wake, akamakhoza mumapita patsogolo, akamalephera mumabwerera m'mbuyo mpaka mupeze pomwe akukhozera. Pafupifupi mphindi 30 zimakwana ngati mwana wamasuka.

Pa fomu chinthu chilichonse chili ndi kamzere kosonyeza msinkhu womwe ana 25, 50, 75 ndi 90 pa 100 alionse amakhala atayamba kuchichita. Mwana akalephera zinthu ziwiri kapena kuposa mu mbali imodzi zomwe ana 90 pa 100 a msinkhu wake amazitha, pamenepo nde timati pakufunika kuona bwino. Izi ndimazikonda chifukwa zimachotsa mkangano uja wa "aaa mwana wa uje anayenda ali ndi miyezi 9, wanuyu bwanji", ana samayenda tsiku limodzi onse, pali mpata waukulu ndithu womwe ndi wabwinobwino, ndipo mayi akaona ndi maso ake pa pepala kuti mwana wake akadali mkati mwa kamzere mtima umakhala pansi. Komanso kumbali ina, mwana wa zaka ziwiri amene sakukhala yekha, palibenso zoti "asiyeni ana aamuna amachedwa" kapena "bambo akenso anachedwa", pepala likusonyeza kuti patalika ndipo tiyenera kuyambapo kanthu.

Za mtengo nde palibe chofanana nacho. Bayley, chida chaku America chomwe a kafukufuku ambiri padziko amachidalira poyeza makanda, bokosi lake limodzi limapitirira madola 1,000, mafomu ake ogula, kanthu kamodzi kakasowa muyitanitse kunja, ndipo woyeza ake amafunika maphunziro apamwamba ndithu. Dengu la MDAT zambiri mumazipeza pamsika, kapu, sipuni, mpira, chitenje, choko, zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga kapena nyemba, timabuloko kalipentala aliyense akhoza kudula mutamupatsa muyeso wake. Apa ndichenjeze anzanga, muyeso wake uzikhala womwewo. Ndinaonapo dengu lina momwe timabuloko tinasowa munthu nkuikamo zidutswa za thabwa zazikulu ngati sopo, mwana aliyense ankasanja mpaka pamwamba mosavuta, nde zotsatira zimenezo sizikutanthauza kanthu. Kutchipa kwake kusatipangitse kuchitenga mwachibwana, chida ndi chida.

Koma chomwe chinandikopa ine kwenikweni si mtengo. Ndi mmene mwana amasinthira akaona zinthu zomwe amazidziwa. Mwana wakumudzi mukamutulutsira chidole chapulasitiki chowala, cholira, chomwe sanachionepo, amachita ziwiri, kapena aope abisale kumsana kwa mayi ake kapena angochigwira osafunanso kuchisiya nkuiwala zonse zomwe mukumuuza. Mukamutulutsira kapu ndi sipuni ndi mpira, pamphasa, mayi ake ali pompo, amangoyamba kusewera ndipo inu mukuona zomwe amachitadi kunyumba. Ndipo mafunso a mbali yachinayi aja amamasula pakamwa pa amayi. Mukafunsa kuti "mayi, kodi mwanayu mukamutuma amapita?" kapena "nsima amatema yekha?" amayankha ndi nkhani yonse, amakuuzani zomwe amachita m'mawa, amene amasewera naye, chomwe chimamukwiyitsa, zinthu zomwe mukanangofunsa kuti mwana ali bwanji akanangoti ali bwino basi.

Agogo ena anabwera ndi mdzukulu wa zaka zinayi amene anthu onse pamudzi ankangoti ndi wozerezeka chifukwa sayankhula. Titayala zinthu pamphasa mwana uja anasanja mabuloko, anatunga mikanda, anatengera mzere ndi chozungulira zomwe ndinajambula, mpira ankawakha bwinobwino, koma mbali ya kumva ndi kuyankhula inali pansi penipeni, ndikamuitana kumbuyo osatembenuka, ndikaloza ndi chala nkumachita pompo. Ndinawaonetsa agogo fomu ija, ndati agogo taonani, apa ndi apa ndi apa mwanayu ali limodzi ndi anzake, vuto lili pamzere umodzi uwu, tiyeni akamuyeze makutu. Anati "ndiye kuti mutu wake uli bwino?" ndipo anafunsa kawiri. Apa nde pomwe mbali zinayi zija zimagwira ntchito, sizikupatsani nambala imodzi yoti mwanayu ndi wanzeru kapena ayi, zimakuonetsani pomwe pali mphamvu ndi pomwe pali vuto, ndipo kawirikawiri kusiyana kwa mizereyo nkomwe kumakulozerani koyambira. Zoyeza makutu zilipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre komanso ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, mwana wosayankhula aliyense ndimafuna ayambe wayezedwa makutu tisanayambe kumupatsa maina ena.

Tsopano pomwe limaperewera, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi nkhani yomwe imandikhudza.

MDAT ilibe mbali yakeyake ya kuganiza. Nzeru za mwana mumaziona kudzera m'manja mwake ndi pakamwa pake, asanje, asankhe, ajambule, atchule, abwereze. Kwa mwana amene manja ndi pakamwa zikugwira ntchito palibe vuto. Nanga mwana wa CP amene manja ake ndi ouma kapena amangogwedezeka osamumvera, lilime lolemera, malovu akutuluka? Mwana ameneyo akhoza kudziwa bwinobwino kuti kamtengo katali ndi kati, akudziwa kapu, akudziwa mpira, akumva nkhani yonse yomwe mukukamba ndi mayi ake mpaka kuseka pomwe pali poseketsa, koma sangatole, sangaloze, sangatchule. Mukatsatira fomu mmene ilili alephera mbali zonse zinayi ndipo pepala lituluka likuoneka ngati mwana wa miyezi 6 pomwe muli ndi mwana wa zaka zisanu amene akuganiza ngati wa zaka zisanu. Ndakumana nawo ana otere ndipo zimandiwawa kwambiri, chifukwa pepala limenelo likapita patsogolo popanda mawu ena, aphunzitsi, achibale, olo makolo enieniwo amasiya kumuyankhula mwanayo ngati munthu womva.

Chomwe ine ndimachita, fomu ndimalemba mmene malamulo ake akunenera, sindimupatsa mwana zomwe sanachite chifukwa ndikatero ndaononga muyeso, koma pambali ndimayesanso mwanjira ina nkulemba padera. Ndimamukhazika bwino kaye, mutu ndi msana zochirikizidwa, pamiyendo pa mayi ake kapena pampando wake ngati ali nawo, chifukwa mwana amene akulimbana ndi kugwa sangaganize za kapu yanu. Kenako ndimaika zinthu ziwiri motalikirana, kumanja ndi kumanzere, ndikumuuza kuti "yang'ana mpira", ndikudikira, kudikira ndithu osafulumira, chifukwa ena thupi limachedwa kuyankha. Ndimasinthasintha mbali kuti ndione ngati sakungoyang'ana kumodzi. Mwana akamalondola ndi maso kangapo konse mosaphonya ndimalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti amamva ndipo amasankha ndi maso, ndipo ndimawaonetsa amayi kuti azichita zomwezo kunyumba, phala kapena tiyi, malaya awa kapena awa. Zimenezi sizili mu MDAT, koma popanda zimenezi fomu yokha imamunamizira mwanayo.

Mwana wosaona ndi chimodzimodzi. Mbali ya manja ija pafupifupi yonse imafuna maso, kulondola chinthu, kutengera chojambula, kusanja motengera chitsanzo, nde alephera osati chifukwa cha nzeru. Komanso ana osaona ambiri amachedwa kukwawa ndi kuyenda chifukwa palibe chomwe akuchiona choti achitsatire, nde mbali ya thupi nayonso imatsika. Mwana wosamva amene kwawo anapanga zizindikiro zawozawo za manja, akulankhulana ndi mayi ake bwinobwino, fomu ikufuna mawu otuluka pakamwa. Anthu amene anakonza chidachi anachiyesa pa ana 80 a ulumali wa ubongo ndipo chinazindikira 97 pa 100 alionse, zomwe zikusonyeza kuti pa ntchito yopeza mwana amene ali ndi vuto ndi chakuthwa zedi, koma kupeza kuti vuto lilipo ndi kudziwa zomwe zili m'mutu mwa mwanayo ndi ntchito ziwiri zosiyana. Zili ngati sikelo ya pamsika, ikuuzani makilogalamu a thumba la chimanga molondola koma sikuuzani ngati mkatimo mwalowa anankafumbwe, muyenera kumasula thumba nkupisa dzanja.

China ndi cha khalidwe. Makolo ambiri amene amabwera sabwera chifukwa mwana sakusanja mabuloko, amabwera chifukwa sakhazikika, amamenya anzake, amathawa pakhomo, amadziluma, sagona usiku, sayang'ana munthu kumaso, amangozungulira malo amodzi. Kafukufuku wina wa ku Blantyre yemwe anatuluka mu 2010 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa atatu alionse opulumuka malungo a m'bongo anatsala ndi vuto, ena khunyu, ena ulumali watsopano, ena kusintha kwa khalidwe. Amayi amakuuzani kuti "chichokereni kuchipatala si mwana yemwe uja", ndipo mwana wotere akhoza kukhoza zambiri za mu MDAT chifukwa amayenda, amathamanga, amayankhula, koma pakhomo palibe mtendere ndipo kusukulu ya mkombaphala alezi amubweza. MDAT sinapangidwire zimenezo. Pali zida zina za mafunso kwa makolo, monga M-CHAT yofufuzira zizindikiro za autism (vuto lomwe mwana amavutika kucheza ndi kulankhulana ndi anthu) kwa ana a miyezi 16 mpaka 30, kapena SDQ ya khalidwe, koma zimenezo zinapangidwa kunja ndipo pozimasulira pamafunika kusamala, mwachitsanzo kwathu kuno mwana amaphunzitsidwa kusamuyang'anitsitsa wamkulu m'maso, nde funso la kuyang'ana kumaso muyenera kulifunsa mwanzeru, mufunse mmene amachitira ndi mayi ake kapena ndi ana anzake osati ndi inu mlendo. Ndikanakonda anthu athu a kafukufuku atachita pa khalidwe zomwe zinachitika pa MDAT, kukakhala pansi ndi makolo nkuyambira pa zomwe iwo amaona.

Kwa makanda enieni, a miyezi iwiri itatu inayi, zinthu zoti muone ndi zochepa mwachibadwa, kudzutsa mutu, kulondola nkhope, kudzidzimuka ndi phokoso, kumwetulira. Mwana amene anabanika pobadwa, anachedwa kulira, anakomokakomoka masiku oyamba, kapena anadwala chikasu chachikulu, kapena anabadwa masiku asanakwane, akhoza kudutsa pamenepa osaonekera kenako CP nkudzaonekera mochedwa. Kwa amenewa pali zida zina zomwe zimaona msanga, Hammersmith Infant Neurological Examination yomwe imagwira kuyambira miyezi 2 mpaka 24, ndi njira ya Prechtl yoonera mmene khanda limadzigwedezera lokha likagona chagada, makamaka pa miyezi 3 mpaka 5, yomwe mumangojambula kavidiyo kafupi olo pa foni munthu wophunzitsidwa nkukaona. Nde ngati mukugwira ntchito ndi ana otuluka ku nazale ya makanda kuchipatala musadalire MDAT yokha. Ndipo musaiwale kuchotsera masabata omwe mwana anabadwa asanakwane, apo bii mumulemba kuchedwa komwe kulibe.

Palinso nkhani ya ana abwinobwino amene amalephera. Pa kuyesa kuja ana 82 pa 100 alionse opanda vuto anakhoza, kutanthauza kuti 18 analephera chonsecho alibe ulumali. Pa ntchito zimenezi mumaziona tsiku ndi tsiku. Mwana wadzuka m'mamawa, wayenda mtunda kumsana, sanadye, dzuwa lakwera, kutsogolo kwake kuli munthu wachilendo amene wavala ngati uja anamubaya jakisoni mwezi watha, mukumuuza kuti dumpha, aaa sangadumphe. Wina ali ndi malungo akuyamba kumene, wina magazi ndi ochepa. Ine mwana akalephera koma ndikuona kuti ndi manyazi kapena njala sindithamangira kuwaopseza makolo, ndimawauza abwerenso tsiku lina, kapena ndimawapatsa amayiwo mpira kuti amuuze okha ine nditayang'ana kumbali. Ndipo kumbukirani kuti kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira, nde ana ambiri amene akutsalira pa fomu vuto lawo layambira m'mbale, mwana wonyentchera alibe mphamvu zosewera ndipo akalandira chithandizo cha zakudya mumaona mizere ija ikukwera.

Mayankho a makolo nawonso pena amapotoka. Ena amaonjezera chifukwa sakufuna mwana wawo aoneke wotsalira pamaso pa anthu, ena amachepetsa poganiza kuti mwina pali thandizo lomwe libwere, ndipo nthawi zina amene wabwera ndi mwana si amene amakhala naye, ndi azakhali ake angotumidwa. Sindiwaimba mlandu, umphawi ndi manyazi ndi zinthu zenizeni, koma zomwe mungathe kuziona ndi maso zioneni, mupatseni kapu ya madzi amwe pompo. Chiyankhulo nachonso, mwana wa ku Mangochi amene kwawo amayankhula Chiyao, wa ku Nsanje wa Chisena, wa ku Rumphi wa Chitumbuka, muyezeni m'chiyankhulo chomwe amamva kunyumba, mukamufunsa m'Chichewa chomwe sanachizolowere mukuyeza Chichewa chake osati kakulidwe kake. Ndipo miyeso ija inatengedwa makamaka kwa ana akumudzi zaka zoposa 15 zapitazo, mwana wa mu tauni wamasiku ano amene amadziwa kutsegula foni koma sanasenzepo kanthu pamutu ndi wina ndithu, ndikuona kuti nthawi yakwana yoti miyesoyo iunikidwenso.

Ena anandifunsa za makina aja oona maso a mwana pa kompyuta. Alipo ndipo anafikapo kuno. Ku Mangochi, kafukufuku wa Mazira Project yemwe ankapatsa ana 660 ena dzira limodzi patsiku ena ayi, anagwiritsa ntchito MDAT limodzi ndi makina olondola maso, khanda limakhala pamiyendo pa mayi ake likuyang'ana zithunzi pa sikirini, makinawo nkumalemba komwe likuyang'ana ndi nthawi yomwe latenga kuti litembenuze maso. Maganizo ake ndi akuti khanda likaona nkhope yomwe laiona kale ndi ina yatsopano limayang'anitsitsa yatsopanoyo, nde pamenepo mumadziwa kuti likukumbukira. Kwa ana anga a CP aja zinthu zimenezi zimandipatsa chiyembekezo chachikulu chifukwa sizifuna dzanja kapena mawu. Koma pakadali pano ndi za kafukufuku, zimafuna magetsi, chipinda chabata, munthu wodziwa kuzikonza, ndipo sizinafike poti zikuuzeni za mwana mmodzi payekha mmene dengu limachitira. Bungwe la WHO nalo linatulutsa chida chake mu 2023 chotchedwa GSED cha ana osapitirira miyezi 36. MDAT yokhayo inatuluka kale kunja kwa dziko lino, ku Zimbabwe kafukufuku wamkulu wa SHINE anaigwiritsa ntchito poyeza ana a zaka ziwiri, ndipo maiko ena ambiri anaimasulira m'ziyankhulo zawo, zomwe ine zimandinyaditsa, chinthu chopangidwa ndi mayankho a agogo akumudzi kwathu chikugwira ntchito kutali.

Chomwe chimandivutitsa maganizo kwambiri si dengulo koma zomwe zimachitika mukamaliza kuyeza. Mphindi 30 pa mwana mmodzi ndi zambiri pa tsiku la sikelo pomwe amayi adzaza bwalo lonse ndipo a zaumoyo ndi awiri, nde musayembekezere kuti mwana aliyense ayezedwa, bola kusankha amene ali pachiopsezo, obanika pobadwa, osakwana masiku, odwala malungo a m'bongo kapena meninjaitisi, onyentchera, a khunyu, ndi aliyense amene mayi ake akuti pali chinachake sichili bwino, chifukwa amayi kawirikawiri amakhala ataona kale. Ndipo mukayeza muzikhala ndi choti munene. Kumuuza mayi kuti mwana wanu watsalira nkumusiya pompo ndi nkhanza. Fiziyo, chithandizo cholimbitsa ndi kuwongola thupi, ilipo m'zipatala zikuluzikulu ndi m'zipatala zambiri za maboma koma thiransipoti ndi yodula ndipo mwana wa zaka zisanu kumubereka mtunda wautali si masewera, nde ine fomu ija ndimaisandutsa ntchito ya kunyumba. Ndimayang'ana chinthu chotsatira chomwe mwana watsala pang'ono kuchitha, ngati akukhala mothandizidwa tiyeni tikonze pakona ndi mabulangete kapena beseni lochapira kuti azikhala akuona anthu osangogonekedwa m'nyumba, ngati akugwira sipuni koma ikugwa tiikulunge nsalu chogwirira chikule, ngati akutchula mawu awiri tiyeni tizimuyankhula pophika, posamba, popita kumadzi, ndipo achimwene ake ndi achemwali ake alowe nawo chifukwa ndi amene amakhala naye tsiku lonse. Makolo ndimawalumikizanso ndi anzawo, bungwe la PODCAM ndi la makolo a ana aulumali, ndipo za sukulu aphunzitsi a maphunziro apadera ambiri amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi, nde funsani kwa a maphunziro m'dera lanu ngati pali resource centre, malo othandizira ana aulumali pa maphunziro, pafupi.

Nde kwa anzanga a rehab, manesi, a zaumoyo, oyang'anira sukulu za mmera mpoyamba ndi mabungwe amene mukufuna kudziwa ngati pulogalamu yanu ikusinthadi ana, ine ndikuti tengani MDAT, koma mupite ku maphunziro ake kaye, musangokopera fomu kwa mnzanu nkuyamba, chifukwa chinthu chilichonse chili ndi kachitidwe kake, kangati mumuonetse mwana, mawu oti munene, chomwe chikuwerengedwa kuti wakhoza, ndipo anthu awiri osaphunzitsidwa akhoza kumupatsa mwana mmodzi zotsatira ziwiri zosiyana. Kwa amene mukufuna pepala loti mulembepo kuti mwanayu ali ndi autism kapena nzeru zake ndi zochepa mwakuti, ichi si chida chake, pitani naye kwa dokotala wa ana.

Makolo inu simukufunika kugula kapena kupanga dengu lanu, ndipo chonde musamamuyese mwana tsiku ndi tsiku pa zinthu zomwezi kuti akakhoze, mukatero mwabisa vuto lomwe tikanaliona. Akakuitanani kuti mwana akayezedwe, bwerani naye atadya ndipo atagona mokwanira, mutenge buku lake lakuchipatala chifukwa tsiku lobadwa lenileni ndi lofunika kwambiri pa kuwerengera konse, abwere munthu amene amakhala naye nthawi zambiri olo akhale agogo, ndipo ngati ali ndi magalasi, zothandizira kumva kapena mpando wake musazisiye kunyumba. Ngati mwana wanu sagwiritsa ntchito manja kapena sayankhula koma inu mukudziwa kuti amamva, nenani pompo ndipo muwaonetse mmene amakuyankhirani, kaya ndi maso, kaya ndi kumwetulira, kaya ndi kamawu kena komwe inu nokha mumakamva, mupemphe kuti zilembedwe. Pomaliza mufunse kuti akufotokozereni mbali zonse zinayi payokhapayokha, mujambule fomuyo pa foni kapena alembe zotsatira m'buku lakuchipatala lija, ndipo mugwirizane tsiku lodzayezanso pakapita miyezi ingapo kuti muone ngati zomwe mukuchita kunyumba zikusuntha kanthu.